Tiyambe Takhala Pansi: Za Kumanga Nyumba ya Mulungu

Akristu okondedwa a ku Golomoti, ndi inu nonse okhala m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri a Dedza kufikira kunyanja, mwezi uno tikambirane za ntchito imene ifika pa mpingo uliwonse ukayamba kukula, ndiyo ntchito yomanga tchalitchi. Anthu akachuluka, ana akamakhala panja pa nthawi ya Misa chifukwa chosowa malo, denga likamadontha pamwamba pa guwa, pamenepo mitima itentha, ndipo onse anena ndi mawu amodzi kuti: Timange china chachikulu. Mawu amenewo ngabwino, ndipo Mulungu akondwera nawo. Koma kutentha kwa mtima pakokha sikufolera nyumba.

Yendani m'misewu ya dziko lathu, mudzaona zimene tikunenazi. Pano ndi apo paima zipupa za njerwa zolekera m'mazenera, zopanda denga, udzu utamera pamene panayenera kukhala guwa, mbuzi zikubisala dzuwa mkatimo. Amene adayamba ntchito zimenezo sadali aulesi, ndiponso sadali anthu osapembedza. Adayamba ndi nyimbo ndi nthungululu, koma adayamba asanawerenge. Ndalama zidathera panjira, mvula idagwa pa zipupa zosafolera zaka ziwiri kapena zitatu, njerwa zidayamba kufumbutuka. Ndipo choipa koposa zonse n'chakuti Akristu adayamba kulozana zala, wina nati asungichuma adadya, wina nati mmisiri adatinyenga, mpaka ena adaleka kubwera ku mapemphero. Adafuna kumanga nyumba ya Mulungu, koma adagwetsa mpingo wa Mulungu.

Ambuye Yesu mwini wake adanenapo za chinthu chimenechi. Mu Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Luka woyera, mutu 14, atipatsa fanizo la munthu wofuna kumanga nsanja. Munthuyo ngati ali wanzeru ayamba waona chuma chake, kuti adziwe ngati chidzafika kumapeto a ntchito. Akapanda kutero asanduka choseketsa cha anthu odutsa. Tsono tchalitchi chimangidwa kawiri. Poyamba chimangidwa pamphasa, pamene Akristu akhala pansi nafunsana, nayesa, nawerenga. Kachiwiri chimangidwa ndi njerwa. Kumanga koyambako kukalephereka, kwachiwiri sikungatheke ayi.

Zimene tiphunzira ku Mua

Chitsanzo sitichifuna kutali, pakuti Mua ali pafupi nafe. Ansembe a chipani cha White Fathers, chimene adachiyambitsa Kardinala Lavigerie ku Algeria m'chaka cha 1868, adafika koyamba m'dziko muno m'chaka cha 1889, nakhala kwa Mponda, kum'mwera kwa nyanja. Nthawiyo idali ya nkhondo ndi matenda, ntchito sidakhazikike, ndipo mu 1891 adachokako. Padapita zaka 11 asanabwerenso. M'chaka cha 1902 adafika ku Mua, m'dziko la mfumu Kachindamoto, namanga misasa yawo pafupi ndi mtsinje wa Nadzipokwe.

Taonani malo amene adasankha. Sadamange m'dambo, ngakhale kumeneko nkosalala ndipo kukumba nkosavuta. Adamanga pamtunda, m'tsinde mwa phiri, pamene madzi a mvula sakhalitsa, komanso pafupi ndi mtsinje, kuti madzi akumwa ndi oumbira njerwa asasowe. Taonaninso kuti sadathamangire tchalitchi chachikulu chaka chomwe adafikacho. Adayamba aphunzira chinenero cha anthu, nadziwana ndi mafumu, naphunzitsa ana. Tchalitchi chidamangidwa m'chaka cha 1905, patapita zaka zitatu. Pambuyo pake misyoni ya Mtakataka idatsegulidwa mu 1908, ya Bembeke mu 1910, ndipo mu 1927 ku Mua adayamba kusamala odwala khate. Chilichonse chidadza pa nthawi yake, china chitakhazikika kale.

Zipatso za kudekha kumeneko tizidziwa tonse. Mu 1937, patapita zaka 35 chifikire ansembe aja, mwana wa dera la Mua, Bambo Cornelio Chitsulo, adadzozedwa unsembe, woyamba mwa ana a dziko lino mu Eklezia Katolika. Mu 1956 adasankhidwa kukhala Episkopi wa ku Dedza. Ndipo mpingo utakula, mbadwo wina udamanganso tchalitchi chatsopano ku Mua m'chaka cha 1971. Kuchokera 1905 kufika 1971 ndi zaka 66. Izi zitiphunzitsa kuti womanga tchalitchi amangira adzukulu ake, ndi ana a adzukuluwo, anthu amene sadzawaona ndi maso. Nanga ntchito yoti ikhale zaka 60 kapena kupitirira, tingaipangane madzulo amodzi okha?

Chilolezo cha Ambuye Episkopi

Choyamba pa zonse ndi kupempha chilolezo. Malamulo a Eklezia, amene adalengezedwa ndi Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1983, alamula pa nambala 1215 kuti tchalitchi chisamangidwe popanda chilolezo cha Episkopi wa dayosizi, ndipo chilolezocho chikhale cholembedwa. Asanalole, Episkopi ayenera kumva maganizo a bungwe la ansembe ake ndi a oyang'anira matchalitchi oyandikana nawo. Ayeneranso kukhutira pa zinthu ziwiri: kuti tchalitchicho chidzathandiza mizimu ya anthu, ndi kuti chuma chomangira, ndiponso choyendetsera mapemphero chikadzatha kumangidwa, sichidzasowa. Lamulo lotsatira, la nambala 1216, liti pomanga pafunsidwe nzeru kwa akatswiri, ndipo nyumbayo iyenerane ndi mwambo wa mapemphero a Eklezia.

Ena ayesa kuti lamulo limeneli ndi lochedwetsa. Iyayi, ndi lotchinjiriza. Eklezia ndi mayi wokalamba amene waona zipupa zambiri zosatha m'maiko ambiri, ndipo safuna kuti ana ake agwe m'dzenje limene ena adagwamo kale. Chifukwa chake akuluakulu a mpingo ayambe apita kwa Bambo Mfumu, asanaumbe njerwa ndi imodzi yomwe, ndipo Bambo Mfumu adzapereka nkhaniyo kwa Ambuye Episkopi ku Dedza. Kuitana Abambo kuti adzadalitse maziko amene mwakumba kale osawauza, kumeneko si kupempha chilolezo, koma kuwakakamiza. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Malo ndi nthaka yake

Chachiwiri ndi malo. Mfumu ya mudzi kapena banja lina likapereka malo kwa Mulungu, tiyamike ndithu, koma tisalekere pa mawu apakamwa. Wopereka lero ndi wokoma mtima, koma adzamwalira, ndipo adzukulu ake angadzanene kuti agogo adangobwereketsa. Tsono malire ayendedwe masana, mfumu ilipo, abale a woperekayo alipo, mboni zilipo. Zonse zilembedwe, kalatayo ifike kwa mfumu yaikulu ndi ku boma monga mwa malamulo a malo, ndipo malowo alembedwe m'dzina la dayosizi, osati m'dzina la wapampando kapena la munthu wina aliyense. M'ngodya zonse muikemo zizindikiro za simenti, ndi kubzala mitengo m'malire. Malowo akhalenso aakulu, okwanira tchalitchi, bwalo la maulendo a Ukaristia ndi a Kanjedza, zimbudzi, mjigo, ndi nyumba yophunziriramo katekisimu.

Malo musawasankhe m'chilimwe chokha. Mu Okutobala dziko lathu lonse lioneka louma ndi labwino. Pitani mukawaone mu Febuluwale, mvula itagwa masiku atatu. Mitsinje yotsika m'mapiri, monga Nadzipokwe ndi Livulezi, ikafika kuno kuchigwa ifika ndi mphamvu, ndipo madzi afalikira kumene afuna. Funsani nkhalamba za m'mudzi kuti madzi adafika pati chaka chimene adasefukira kwambiri, ndipo mumange pamtunda kupitirira pamenepo.

Muyesenso nthaka. M'chigwa chathu muli dothi lakuda la makande, limene alimi a thonje ndi mpunga alidziwa bwino. Pa dzinja limwa madzi ndi kufufuma, pa chilimwe liuma ndi kung'ambika ming'alu yolowa dzanja. Nyumba yomangidwa pa dothi lotere ikwezedwa ndi kutsitsidwa chaka ndi chaka, mpaka zipupa zing'aluka kuyambira pansi kufika kudenga. Kumbani maenje anayi kapena asanu pamalopo, akuya kufika m'chifuwa cha munthu, kuti mmisiri wodziwa aone zimene zili pansi. Ngati makande apita pansi kwambiri, nkwabwino kufuna malo ena. Ngati palibe ena, dziwani msanga kuti maziko adzadya simenti ndi zitsulo zochuluka, ndipo muziwerengere kale.

Chivomezi, mphepo, kutentha ndi chiswe

Pali chinthu china chimene ambiri aife sitichiganizira. Dziko lathu lino lili m'chigwa chachikulu chimene chidapangika pamene nthaka idang'ambika ndi kutitimira kalekale, ndipo nyanja yathu ikhala m'chigwa chomwecho. Akatswiri a za miyala adapeza mng'alu waukulu wa pansi pa nthaka, wotalika kupitirira makilomita 100, umene autcha Bilila-Mtakataka, ndipo udutsa m'tsinde mwa mapiri omwewa amene tiwaona tikayang'ana kumadzulo. Mng'alu wotere ndiwo gwero la zivomezi. Achikulire akumbukira chivomezi cha pa 10 Malichi 1989, chimene chidagwedeza dera la Salima, chidapha anthu, ndi kusiya ambirimbiri opanda pogona. Mu Disembala 2009 zivomezi zina zidagwetsa nyumba zambiri ku Karonga. Tsiku la chivomezi adziwa ndi Mulungu yekha, koma kamangidwe ka nyumba kali m'manja mwathu.

Tchalitchi chisiyana ndi nyumba yogona. Zipupa zake nzazitali ndi zotalika, zilibe zipinda mkati zozichirikiza, ndipo pa Lamulungu pansi pa denga lake pakhala anthu mazanamazana, ndi makanda kumbuyo kwa amayi awo. Chifukwa chake pulani ijambulidwe ndi katswiri wophunzira za zomangamanga, osati kungoilemba pansi ndi ndodo. Zipupa zikhale ndi nsanamira za konkire ndi zitsulo m'ngodya ndi m'litali mwake, ndipo pamwamba pa mazenera pazungulire lamba wa konkire ndi zitsulo, amene amisiri amutcha ring beam, womanga zipupa zonse zinayi kuti zikhale chinthu chimodzi. Ndalama zikachepa, chepetsani utoto, chepetsani nsanja ya belu, koma lamba ameneyu musamchotse. Zitseko zikhale zingapo, zotsegukira kunja, kuti pa tsoka anthu atuluke osapondana.

Denga limangiriridwe kolimba ku lambayo ndi zitsulo zolowa mu konkire, pakuti mphepo ya mkuntho imene idza ndi mvula yoyamba yasasula madenga a masukulu ndi matchalitchi ambiri. Kumbukiraninso kutentha kwa kuno kunyanja. Pulani yoyenera ku Bembeke, kumene anthu afunda zikhoti mu Juni, siyenera ku Golomoti, kumene mu Okutobala malata atentha ngati chiwaya. Kuno zipupa zikwere, mazenera akhale aakulu ndi openyana mbali zonse ziwiri kuti mphepo idutse, ndipo denga litulukire kunja kuti lichite mthunzi ndi kutchinjiriza zipupa ku mvula. Potsiriza pali chiswe, mdani wosagona. Zulu zonse za pafupi zikumbidwe, mitengo ya denga ipakidwe mankhwala, kapena ngati mungathe, mugule mitanda yachitsulo.

Kuwerenga

Tsopano tifika pa mawu a Ambuye aja, a kuwerengera mtengo. Yambani kuwerenga anthu. Aphunzitsi ndi atsogoleri a miphakati awerenge amene abwera pa Lamulungu wamba, ndiponso pa Pasaka ndi pa Khirisimasi. Kenaka muonjezere a mawa. Kalembera wa 2008 adapeza anthu okwana ngati 13 miliyoni m'Malawi, ndipo wa 2018 adapeza oposa 17 miliyoni ndi theka. M'zaka 10 zokha, pamene padali anthu atatu padakhala anayi. Tchalitchi chongokwanira lero chidzachepa ana amene abatizidwa chaka chino asanalandire Ukaristia woyamba. Koma musalumphirenso mbali ina, kufuna chachikulu ngati cha ku likulu la dayosizi kuti midzi yoyandikana ichite nsanje. Nzeru ndi kujambula pulani yoti mbali imodzi idzathe kuonjezeredwa mtsogolo popanda kugumula zonse.

Nachi chitsanzo cha kawerengedwe. Tinene kuti mufuna tchalitchi cha mamita 24 m'litali, mamita 10 m'lifupi, zipupa zokwera mamita 4. Mukachotsa malo a guwa ndi njira ya pakati, mukhala anthu ngati 300 pa mabenchi. Kuzungulira zipupa zonse ndi mamita 68. Kuchulukitsa ndi 4, tipeza mabwalo 272 a mita imodzi mbali zonse. Chipupa chochindikala cha njerwa zazing'ono chidya njerwa ngati 120 pa bwalo lililonse lotere, ndiye kuti njerwa zoposa 32,000. Pa mazenera ndi zitseko mudzachotsako, koma mudzaonjeza za maziko, za nsonga ziwiri za kudenga, ndi zosweka panjira, pakuti pa njerwa khumi zilizonse nkwanzeru kuyesa kuti imodzi idzatayika. Taonani tsono, amene aumba njerwa 10,000 nayesa kuti zakwana, ali kutali ndi theka lomwe.

Momwemonso mmisiri awerenge matumba a simenti, zitsulo, malata, misomali, mitanda, mafelemu a mazenera ndi zitseko, ngolo za mchenga ndi miyala, mtengo wa galimoto yonyamula katundu, ndi malipiro a amisiri. Zonse zilembedwe pa pepala limodzi, ndipo pa chiwerengero chonsecho muonjezepo gawo lina la zinthu zosayembekezeka, pakuti sizilephera kubwera. Funsani amisiri awiri kapena atatu, ndipo mukaone ndi maso nyumba zimene adamanga zaka zisanu zapitazo ngati zidakali zolimba. Wotchula mtengo wotsika koposa si ndiye wabwino nthawi zonse. Chikomekome cha nkuyu mkati muli nyerere. Amene mwamsankha mupangane naye polemba, ndipo alandire malipiro pang'onopang'ono, gawo lililonse la ntchito likatha ndi kuyesedwa.

Koposa zonse werengani denga. Pamenepa ndi pamene ambiri agwera. Njerwa tingaumbe ndi manja athu, mchenga tingatute pamutu, koma malata, zitsulo ndi simenti zifuna ndalama, ndipo zifunika kumapeto, anthu atatopa kale ndi kusonkha. Lamulo labwino nali: musakumbe maziko musanadziwe kumene denga lidzachokera. Mipingo ina ichita mwanzeru, iyamba kuimika nsanamira ndi kufolera denga, nkumapempherera pansi pake, ndipo zipupa zikwera pambuyo monga chuma chilola. Denga lopanda zipupa lisunga anthu ku dzuwa ndi mvula; zipupa zopanda denga sizisunga kanthu, ndipo nazonso ziwonongeka.

Kusonkha ndi kusunga chuma

Chopereka cha tchalitchi chisasokonezedwe ndi mtulo. Mtulo ndi wosamalira ansembe ndi ntchito za parishi, ndipo usaleke chifukwa chakuti tikumanga. Cha zomanga chikhale ndi buku lakelake. Musankhe komiti ya anthu oopa Mulungu, amuna ndi amayi, achikulire ndi achinyamata, ochokera m'miphakati yonse. Ndalama zisagone m'nyumba ya munthu. Zipite ku banki, ndipo zisatuluke popanda anthu awiri kapena atatu kusaina, Bambo Mfumu akudziwa. Aliyense wopereka alandire lisiti, chingakhale chopereka chake n'chochepa motani. Mwezi uliwonse, mapemphero atatha, mlembi aimirire ndi kuwerenga pamaso pa onse zimene zalowa, zimene zatuluka ndi zimene zatsala. Kuchita zimenezi si kukayikira asungichuma, koma kuwatchinjiriza ku mayesero ndi ku miseche. Pamene zinthu zichitika poyera, Satana asowa pobisala.

Dziwaninso kuti ndalama yosungidwa nthawi yaitali ichepa mphamvu. Mu Meyi 2022 kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 pa 100. Dola imodzi imene idali pafupifupi K1,180 ku banki idafika pa K1,700 tsiku limodzi. Amene adasunga ndalama za malata 100 adadzuka m'mawa zikukwanira ochepa. Tsono ndalama zikakwana kugula kanthu, gulani zinthu zosawonongeka: malata, zitsulo, mafelemu, misomali, ndipo muzisunge m'nyumba yokhoma, zolembedwa m'buku. Koma simenti musaigule msanga. Imakoka chinyezi, ndipo ikakhala miyezi yambiri iuma ngati mwala m'thumba momwemo. Imeneyo igulidwe ntchito ili pafupi, ndi kuikidwa pa matabwa, osati pansi.

Nthawi yosonkha ndi nthawi ya kukolola, pamene chimanga chili m'nkhokwe, mpunga wapunthidwa ndi thonje lagulitsidwa. Kupempha ndalama mu Januwale ndi Febuluwale, ana akugona ndi njala, n'kulemetsa anthu mtolo umene Mulungu sadawapatse. Wopanda ndalama apereke chimene ali nacho: ndowa ya chimanga, nkhuku, mbuzi, nsomba zouma, kapena masiku a ntchito. Mphakati ungalimenso munda wa mpingo, zokolola zake nkupita ku zomanga. Ndipo wosauka asachititsidwe manyazi powerenga maina a osapereka. Kumbukirani mayi wamasiye wa mu Mthenga Wabwino wa Marko woyera, mutu 12, amene tindalama take tiwiri tidaposa zopereka za olemera pamaso pa Ambuye. Ana athu amene ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni alemberedwe makalata, ndipo abwenzi akunja akathandiza tiyamike. Koma tisayambe ntchito podalira lonjezo la munthu wakutali. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Za njerwa pali mawu ena. Uvuni wa njerwa zikwi makumi atatu udya mitengo yambiri, ndipo mapiri athu ayera kale. Mitengo ikatha m'phiri, madzi atsika ndi ukali ndi kukokolola minda yathu yomwe. M'chaka cha 2018 boma lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga zikuluzikulu, monga za boma ndi za malonda. Chifukwa chake funsani ku dayosizi ndi ku boma musanaumbe, kuti mudziwe zimene ziloledwa pa tchalitchi chanu. Zilipo njerwa za simenti, ziliponso za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikizidwa ndi makina a manja, zosafuna moto. Ndipo njira iliyonse imene mutsate, bzalani mitengo pa malo a tchalitchi chaka choyamba chomwe, kuti pa tsiku lotsegulira alendo adzakhale pamthunzi.

Ntchito iliyonse pa nyengo yake

Mlimi adziwa kuti sangabzale mu Ogasiti kapena kukolola mu Disembala. Kumanga nakonso kuli ndi nyengo zake, ndipo mpingo wa m'mudzi uchita bwino kuyala ntchito yonse pa zaka zitatu kapena zinayi.

Chaka choyamba chikhale cha kupemphera, kupangana, kupempha chilolezo, kulembetsa malo, kuwaona pa dzinja, kujambulitsa pulani ndi kuyamba kusonkha. Chaka chimenechi maso saona kanthu pamalopo, ndipo osadekha adzadandaula kuti komiti yagona. Apirireni, ndi kuwawerengera zimene zachitika. Chaka chachiwiri, kuyambira Meyi anthu atatuluka m'minda, chikhale cha kututa miyala, kusonkhanitsa mchenga woyera wopanda matope pamene mitsinje yaphwa, kukonza njerwa, ndi kugula malata ndi zitsulo. Chaka chachitatu, zonse zili pamalo, maziko akumbidwe mvula itangoleka, zipupa zikwere m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, ndipo denga likhale litafoleredwa Okutobala asanathe. Konkire ifuna kuthiriridwa madzi masiku osachepera 7 kuti ilimbe, makamaka kuno kotentha. Choncho panganiranitu za kumene madzi adzachokera ndi za magulu amene adzatunga tsiku lililonse. Pulasitala, mabenchi ndi utoto zingadikire chaka chachinayi. Ndipo tchalitchi chakale, ngakhale chili chaudzu, musachigwetse chatsopano chisanafoleredwe.

Malembo Oyera atiuza kuti mfumu Davide adafunitsitsa kumangira Mulungu nyumba, koma sadaloledwe. Sadakwiye, koma adasonkhanitsa miyala, mitengo, chitsulo ndi mkuwa, nasiyira mwana wake Solomoni, amene adamanga Nyumbayo zaka 7. Miyala yake idasemedwa kale kumene adaikumba, kotero kuti pomanga sipadamveke phokoso la nyundo. Kukonzeratu ndi kumeneko. Ena mwa inu, agogo athu, mudzatuta miyala ya tchalitchi chimene mwina simudzapempheramo. Musataye mtima: gawo la Davide silichepa pamaso pa Mulungu poyerekeza ndi la Solomoni.

Mawu kwa mabanja

Inu abambo a m'nyumba, pa msonkhano wa mpingo musakhale chete nkukadandaulira kunyumba. Funsani mwaulemu: Kodi chilolezo chabwera? Kodi malo alembedwa? Kodi denga tawerenga? Mafunso otere si mwano, ndi chikondi cha pa nyumba ya Mulungu. Inu amayi, ndinu amene mudzasenza madzi ndi mchenga wochuluka. Tsono mawu anu amveke pamene masiku a ntchito akugawidwa, kuti asagundane ndi ntchito za kumunda ndi za pakhomo. Inu anyamata ndi atsikana odziwa kulemba ndi kuwerengera, thandizani akuluakulu kusunga mabuku, ndipo imani pafupi ndi amisiri muphunzire luso lawo, pakuti mudzakhala ndinu okonza nyumbayi ikadzakalamba. Banja lililonse lipangane pa nthawi yokolola gawo limene lidzapatula, ndipo ana aone makolo awo akulipereka.

Mutu umodzi susenza denga. Mwambi umenewu makolo athu adaunena poona amuna akukweza denga la nkhokwe, onse pamodzi, wina akuitana kuti anyamule nthawi imodzi. Akanyamula wina asanakonzeke, denga lipendeka ndi kupweteka anthu. Momwemonso pa ntchito iyi, tiyambe tamvana, tawerenga, takonzeka, ndipo pamenepo tinyamule.

Pa mapemphero a madzulo m'nyumba zanu, onjezani Tikuoneni Maria mmodzi chifukwa cha ntchito imeneyi, ndi kupempha Yosefe woyera, mmisiri wa ku Nazareti, kuti apemphere atsogoleri athu nzeru ndi amisiri athu kukhulupirika. Mulungu adalitse inu nonse, ana anu ndi minda yanu.